Tsamba la 12 la Mai Sipanala

Lolemba, 4 Ogasiti

Miyezi isanu ndi inayi lero chimwalirireni mayi a kunyumba. Ndatsegula sutikesi yawo koyamba. Fungo la inki ndi sopo wawo uja. Ndinayamba ndakhala pansi.

M'katimo masamba a Mai Sipanala, nkhani ya zithunzi imene ankajambulira magazini ija isanatsekedwe. Enieni a dzanja lawo, osati osindikiza. Mapepala aakulu, olimba. Pensulo yabuluu ikuonekera pansi pa inki, zidindo za zala m'mphepete. Nkhani yotsiriza inali ya masamba 12. Ndawerenga kawiri, alipo 11. Lomaliza palibe.

Mayi wa ku laibulale wandipatsa khoma la m'holo kuti ndikaonetsepo masambawa, Loweruka pa 23. Anati, "Bambo, anthu ambiri sadziwa kuti ankajambula zimenezi anali mzimayi." Ndavomera. Koma nkhani yopanda mathero sindingaipachike.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kwa a Galasi, mmisiri wa mafelemu wa kuseri kwa siteji ya basi. Kachipinda kopanikiza, utuchi pansi, magalasi otsamira khoma. Anayamba asamba m'manja asanagwire tsamba. Ndinawakhulupirira pomwepo.

Ndinali nditagula guluu panjira. Anandilanda, n'kumuika pashelefu ya pamwamba. "Achimwene, mukufuna muwaphe kachiwiri mayiwa?" Ataona nkhope yanga anayamba kupepesa. Koma ine ndinaseka. Koyamba chichokereni kumanda.

Iwo samata. Tsamba amalipachika ndi timapepala tiwiri kuseri, chakumtunda kokha, kuti lizipuma. Galasi lisakhudze inki. M'mphepete osadula ngakhale pang'ono. Ndawauza akonze mafelemu 12, ngakhale limodzi lilibe choikamo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndayenda. Pamene panali ofesi ya magazini pano akugulitsapo matayala. Mlonda sadziwa kanthu. Mayi wogulitsa nthochi pageti ndiye wakumbukira. Akuti bambo amene ankayendetsa makina osindikizira, aja ankawatchula a Inki, alipo, amakhala kuseri kwa sukulu ya pamtunda.

Mapazi atupa. Ndawaviika m'beseni.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndalipeza!

Pabalaza pa a Inki, pakati pa kalendala ndi wotchi, lomata ndi selotepi kumakona onse anayi. Lachita chikasu, ntchentche zinasiyapo madontho. Koma ndi lomwelo. Nambala 12 pakona, mmene ankalembera 2 wawo ngati bakha.

Poyamba anakana. "Anandipatsa okha akazi anu. Analiponya patebulo langa titamaliza kusindikiza, akuti tengani, sindikufunanso kuliona." Tsikulo ndikulikumbukira. Anabwera kunyumba osalankhula, chakudya osakhudza. Ndinkaganiza kuti ndawalakwira ine. Sindinafunse. Sindinali munthu wofunsa.

Akazi awo a Inki ndiwo anandithandiza ali kukhitchini. "Apatseni, inu! Zaka zonsezi mukuliyang'ana, lakuphikirani chiyani?" A Inki analimatula okha, pang'onopang'ono. Akuti bola ndiwasungire mpando wa kutsogolo.

M'basi ndinaliika pakati pa makatoni awiri, pachifuwa. Kondakitala amafuna alikankhire pansi pa mpando. Ndinangomuyang'ana, anasiya.

Bokosi la chithunzi chomaliza patsambalo ndi lija aliyense analiwerenga. Mai Sipanala wagwada, akupereka kiyi wa shedi yake yokonzera njinga kwa mwamuna wake, yemwe anathawa pabanja patsamba loyamba. Mathero amenewa sanandisangalatsepo. Mayi a kunyumba sindinawauzepo.

Lachinayi, 14 Ogasiti

A Galasi anaimba foni m'mawa. "Bwerani. Musafunse."

Pochotsa zotsalira za selotepi anaona kuti bokosi lomaliza likutukuka pakona. Ndi kapepala kena, komatidwa pamwamba. Guluu wake anauma kalekale. Sanapitirize, anadikira ine. Analowetsa kampeni kopyapyala, kapepalako kanangochoka kokha ngati nkhanambo.

Pansi pake chithunzi china. Choyera, inki yakuda bii ngati ya dzulo.

Mai Sipanala ali panjinga, akupalasa. Kiyi ali pakhosi pake, pachingwe. Mwamuna uja wakhala pakeliyala, sutikesi pamiyendo, maso ali tong'o. Mawu a Mai Sipanala: "Gwiritsitsani, bambo, kutsogoloku kuli chitunda."

Ndinakhala pa stulu. A Galasi anati akukagula misomali. Misomali ili mbwee m'chitini pambali panga. Anatenga nthawi.

Atabwera tinayang'ana kapepala kogwada kaja. Si dzanja la mayi a kunyumba n'komwe, zala zake ngati nthochi. Kuseri kwake kuli mawu a mkonzi wa magazini, ndi siginecha yake: "Izi ndiye zipite. Zapansizo anthu atikwiyira."

Zaka 19. Ndimagona pambali pawo osadziwa.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Mwana wanga wamkazi anabwera titaweruka kutchalitchi. Vuto ndi ili: a ku laibulale aitana mkonzi yemweyo kuti adzatsegulire chionetsero. Makalata anapita kale.

Iye akuti, "Adadi, bwezeranipo momwe zinalili. Munthuyo ndi nkhalamba, pamaliro a amayi anabwera ndi ndodo yake. Mukamuchititsa manyazi pagulu mupindula chiyani?"

Sakunama. Ine sindinakanganepo ndi munthu pagulu moyo wanga wonse.

Ndinamuonetsa chithunzicho pafoni, a Galasi anandijambulira. Anachikulitsa ndi zala. Kenako anati, "Miyendo iyi ndi ya amayi." Patapita kanthawi, "Ndipo makutu a bambo ali pakeliyalawa ndi anu." Tinaseka mpaka iye analira. Koma pochoka anabwerezanso, "Ganizani bwino, adadi."

Lachitatu, 20 Ogasiti

Ndaganiza masiku atatu.

Tsamba lipachikidwa mmene mwini wake analijambulira. Kapepala kogwada kakhala m'felemu lomwelo, m'munsi, pakazenera kakekake, kuti amene anawerenga magazini aone zonse ziwiri. Mawu a mkonzi ayang'ana kukhoma. Palibe adzawawerenge. Dzina lake sinditchula. Pamenepo ndi pomwe ndingafike.

Nditawauza a Galasi, anatulutsa katoni yoyera pansi pa tebulo, yodula kale mazenera awiri. "Ndinadula Lachinayi lomwe lija. Ndimangodikira kuti mufike pamene ndinafika ine."

Munthu ameneyu.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Tapachika. Ine, a Galasi ndi mayi wa ku laibulale. Chingwe kuchokera pakhomo mpaka pawindo, misomali 12. Khoma lolimba, itatu inapindika. Felemu la 7 linkapendekeka, a Galasi analiika kachidutswa ka labala kuseri.

Anandifunsa kutalika kwake. Ndinaimirira pakhoma, n'kuloza paphewa panga, pamene maso a mayi a kunyumba ankafika. Mayi wa ku laibulale anati ndi pansi kwambiri. Ndinati pomwepo.

La 12 talichotsa pafupi ndi windo chifukwa cha dzuwa. Lili pakona, palokha. Munthu afike kaye kumapeto.

Malaya ndasita. Kolala yatha, sizioneka.

Loweruka, 23 Ogasiti

Anthu anadzaza, mipando inachepa. A Inki kutsogolo ndi jekete, akazi awo pambali. Aphunzitsi, amayi a pamsika, okonza njinga awiri ndi maovolosi awo. Ena ankawerenga mokweza. Bambo wina anaika chala pagalasi, a Galasi anamumenya padzanja ngati mwana.

Mkonzi anafika mochedwa. Anayambira pa 1, ndodo gogodo, gogodo, tsamba ndi tsamba. Ine ndili pakhomo. Mwana wanga anandigwira mkono.

Pa 12 panali gulu, amayi akuseka mogwirana mapewa. Anamupatsa njira. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Anayang'ana pamwamba, pansi, pamwambanso.

"Wamatula ndani?"

Ndinati ndine. Mawu anatuluka bwinobwino, ndinadabwa.

Anayang'ananso tsambalo. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, anachita kumupatsa madzi. "Anandiuza mayi ameneyu! Ataimirira pakhomo la ofesi yanga, akuti bwana, guluu wanuyo adzatopa."

Polankhula kwa anthu pepala limene anakonza sanaliwerenge. Anangoloza pakona ndi ndodo. "Kapepala kapansiko ndinamata ndine. Ndinkaopa makalata a owerenga. Ndinalakwa. Zoona zake ndi zapamwambazo." Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. A Inki anakuwa kuti, "Ine ndinangosindikiza, musandiyang'ane!"

Mwana wanga anandinong'oneza, "Adadi, mwawina." Ndinati si ine.

Mayi wa ku laibulale akuti zikhale mwezi wathunthu, osati sabata imodzi.

Ndadya mbale yonse lero.

Lolemba, 25 Ogasiti

Dzulo ndinangogona. Thupi lonse ngati ndasenza matumba.

Loweruka, ndikumuperekeza kugalimoto, mkonzi anandigwira dzanja n'kutsitsa mawu. "Achimwene, si lokhalo. Ndinali ndi guluu wambiri masiku amenewo. Kayang'aneni enawo."

M'sutikesi muli masamba a nkhani zakale, oposa 60. M'mawa uno ndasamba m'manja, ndakokera tebulo pawindo. Ndikunyamula limodzilimodzi kuloza kudzuwa. Pamene pali pomata kuwala sikudutsa, pamaoneka mdima wa makona anayi.

Ndapeza atatu. Ndili pa tsamba la 20 chabe.

Tsamba lachitatu lomatalo ndi la nkhani ija Mai Sipanala anapita kwa apongozi ake. Kona yatukuka kale yokha. Sindinakhudze, a Galasi angandiphe. Ndangoweramira pambali, diso limodzi. Pakuoneka phazi la munthu, lili m'mwamba, ndi nkhuku ikuthawa, ndiye zinazo zidikire a Galasi.