Dothi Lomwe Ankazira 'Matlotliso

Lolemba

Ntate Seabata, 07:12
Tlotliso mwana wanga, unandilakwira Lachisanu lija ndili m'chipatala ku Maseru. Unalowa m'nyumba ya malemu amayi ako ndi piki n'kukumba pansi ponse osandifunsa. Ndafika dzulo, ndapeza mapaipi ofiira atapiringizana ngati matumbo a nkhosa. Ndagona kukhitchini.

Tlotliso, 07:40
mwadzuka bwanji ntate. pajatu ndinakuuzani pa foni, munati chita zomwe ukufuna

Ntate Seabata, 07:44
Munthu ali ndi chubu m'mphuno amavomera chilichonse.

Tlotliso, 07:51
m'mapaipimo muzidutsa madzi otentha ochokera pa chitofu, pansi pazifunda mpaka m'mawa. dokotala anati chifuwa chanucho sichipiriranso chisanu cha ku mokhotlong ndi utsi wa parafini

Ntate Seabata, 07:58
Chifuwachi ndinachitenga ku mgodi iwe usanamere mano. Chapirira zambiri, ndi ana omwe.

Puseletso, 08:03
kkkk ntate mwachiradi. achimwene akufuna kukuthandizani, musawadye amoyo

Tlotliso, 08:10
thanks sisi. kwangotsala kuphimba mapaipi basi. njira zilipo ziwiri. simenti ndi mchenga, tisakaniza tokha pa wilibala, kukhuthala zala zitatu pamwamba pa paipi. kapena ufa wa m'matumba, umangothira madzi umadziyala wokha ngati phala. sankhani, ndibwera loweruka

Ntate Seabata, 08:31
Chodziyala chokha chidzang'ambikanso chokha. Amene wakugulitsa ufawo anagonapo pa ufa wakewo? Simenti ndimaidziwa. Ndi imene tinathira pamanda a amayi ako.

Ntate Seabata, 09:15
[uthenga wa mawu, 1:48]
Inu simukumbukira, munali ana. Chisanu chikangotha, mayi wanu 'Matlotliso ankatenga bulu wa a Mohapi, oyandikana nawo aja, kupita kugombe la mtsinje kumene kuli dothi lofiira. Dothi lina lililonse ankalikana. Ankalisefa, n'kulikanda ndi ndowe, n'kutitulutsa tonse panja ndi mipando yathu. Ankazira chogwada, kuyambira kukhoma kubwerera chammbuyo mpaka pakhomo, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu. Pakhomopo ankajambula mizere ndi zala, yokhotakhota ngati munda wolimidwa kumene. Ine ndikachokera ku mgodi ndinkaima ndi nsapato m'manja ngati mlendo, kudikira kuti andiloleze. Chaka ndi chaka ankathira lina pamwamba pa lakale, mpaka chitseko chinayamba kukhula pansi, ndinachita kuchipala. Iwe Tlotliso phazi lako linalimo cha kuseri kwa bedi. Unaponda pasanaume, anakukwapula, koma chidindocho sanachifafanize.

Tlotliso, 09:40
sindinkadziwa zimenezo

Ntate Seabata, 09:42
Ukanafunsa.

Lachiwiri

Puseletso, 12:20
mverani nonse. ndafunsa kuntchito kuno ku maseru, pali mayi wina anaphimba mapaipi ake ndi dothi. dongo, mchenga wambiri ndi udzu wodulidwa, likauma amapaka mafuta aja a matabwa. akuti limasunga kutentha bwinobwino

Tlotliso, 12:34
sisi dothi limachedwa kuuma. mwezi wa may ndi uno. chisanu chikalipeza lonyowa lisweka lonse, ntate n'kukhalabe kukhitchini mpaka july

Puseletso, 12:37
simenti nayo mumati tidikire masabata tisanayatse moto. dothi akuti ungaliumitse pang'onopang'ono ndi mapaipi omwewo

Ntate Seabata, 13:05
Mwana wamkazi uyu anayamwa bwino. Iwe Tlotliso unayamwa ukuyang'ana kutauni ku Bloemfontein.

Tlotliso, 13:09
ok ok. ndiye azira ndani? ine ndimadziwa simenti ndi tirawo basi

Puseletso, 13:11
ndizira ine. ndinkawagwirira beseni amayi, manja akumbukira. ndapempha kale tchuthi

Ntate Seabata, 13:30
[uthenga wa mawu, 0:52]
Ndiye mvetsetsani. Kugombe kuja kunakokoloka, dothi lofiira kulibenso. Koma sitikulifuna. Dothi lozira silifa. Lomwe unakumba lija tiliphwanya, tilinyika m'madzi usiku umodzi, lifewa ngati la dzulo. Tiwonjeza mchenga wako ndi udzu, tithira pamwamba pa matumbo akowo. Akhala manja omwewo a amayi anu, kungoti tsopano azifunda. Eya. Mwina ndingakukhululukire, mnyamata iwe. Ndapempha kale migolo iwiri kwa a Mohapi.

Puseletso, 13:33
ntate mwandiliritsa mu ofesi

Ntate Seabata, 13:41
Tlotliso, dothilo unaliunjika kuti? Kuseri kwa khola kulibe.

Ntate Seabata, 16:02
Tlotliso.

Lachitatu

Ntate Seabata, 06:55
Timizere tiwiri ta buluu ndimatidziwa tanthauzo lake. Wawerenga.

Puseletso, 07:20
achimwene yankhani plz

Puseletso, 10:48
ndakuimbirani kawiri

Ntate Seabata, 14:26
Musavutike. A Mohapi andionetsa. Pa chithaphwi paja pamene msewu umakhotera kwathu, pomwe magalimoto amatitimira. Unathira pamenepo, mawilibala onse.

Tlotliso, 14:58
ntate lole ya mchenga ndi mapaipi sikanadutsa. ndinaona ngati ndi dothi chabe. ndimaganiza za chifuwa chanu

Puseletso, 15:01
mwina lina likadalipo m'mbali? tingatole ngakhale pang'ono, la pakhomo pokha

Ntate Seabata, 15:37
[uthenga wa mawu, 0:31]
Ndapitako ndi chidebe. Kunagwa mvula Lamlungu, ndipo mateksi adutsapo kuyambira pamenepo. Ndi matope akuda onunkha dizilo. Ndakanda ndi zala, ndaona kofiira pang'ono, koma tayala labwera n'kupondanso ndili chiimire. Dalaivala wake waima n'kunena kuti ndithokoze mwana wanga, wakonza msewu.

Tlotliso, 15:50
pepani ntate

Tlotliso, 16:15
ndifufuza dothi lofiira kwina, ngakhale ku leribe. sisi azira chimodzimodzi

Tlotliso, 17:40
ntate ndiuzeni chochita. loweruka ndibwere ndi chani? usiku kwayamba kale kuzizira

Lachinayi

Puseletso, 08:05
ntate mwadzuka bwanji? mankhwala mwamwa?

Ntate Seabata, 11:19
Migolo ndabweza kwa a Mohapi. Bwera ndi simenti yako, lole idutsa bwino. Dothi la amayi ako lili pamsewu.