Bishopu Wanga, Kavalo wa Alamu

Lachiwiri madzulo. Lero landiwawa.

Malo opita kumpikisano wa tchesi ku Chipata anali amodzi okha, ndipo atenga ndi alamu anga a ku Chinzombo. Chakumapeto kwa masewera athu olimbirana malowo ine ndinatsala ndi bishopu, iwo ndi kavalo. Ndinakondwa, poti bishopu amafika patali. Koma wangayo amayenda m'timabokosi toyera tokha, ndiye iwo anaimika asilikali awo onse m'takuda. Kavalo sasankha mtundu. Anadya asilikali anga mmodzimmodzi.

"Alamu," anatero akuseka, "abishopu anuwa akulalikira m'tchalitchi mopanda anthu!"

Ndine ndinawaphunzitsa kayendedwe ka kavaloyo chaka chatha, moleza mtima. Potsanzikana apempha kuti ndiwabwereke bolodi langa, akakonzekerere za ku Chipatako. Ndawapatsa.