Thobwa la Amayi Ako Landipitirira Muyeso

Chifubu, Ndola

Wokondedwa mwana wanga Jenipher,

Moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko ku Mongu, pamodzi ndi amuna ako a Lewis ndi ana? Chifuwa cha Chiza chija chinatha? Ine kuno ndilipo, miyendo yokha ndiyo imatupa dzuwa likakwera. Mapiritsi a shuga ndikumwa, usade nkhawa.

Pa foni umandifulumizitsa ndipo mawu amandithawa. N'chifukwa chake ndapempha a Barnabas, mkulu wa mpingo wathu uja, kuti andilembere. Ine ndikulankhula, iwo akulemba. Ndawauza kuti asachotse kanthu, ngakhale pamene pakukhudza iwowo.

Ukudziwa kuti mwezi wamawa tikuvundukula chiliza cha amayi ako. Chamangidwa bwino, ndipo odziwa kuwerenga akuti dzina lakuti Tabitha laoneka bwino pamwalapo. Amayi a Chigwirizano a ku mpingo anabwera kudzandiuza kuti zakumwa agula za m'mabotolo. Ndinakana. Munthu amene anamwetsa Chifubu yonse thobwa, pa maukwati ndi pa maliro, iyeyo pa tsiku lake anthu amwe za m'botolo? Ndinati thobwa ndiphika ndine. Anaseka, ati mwamuna ndi mthiko wa thobwa zinayamba liti. Ndinati ziyambira pa ine Jameson.

Ndinali ndi chodalira, mwana wanga. Zaka zonse zija amayi ako akamaphika, ine ndinkakhala pa mpando kumbuyo kwawo, ndikuona. Mphika waukulu ulipo. Mbale yawo yachitsulo yobenthuka m'mphepete ilipo. Mbale zinayi za mgaiwa, imodzi ya chimera, madzi kulekeza pamene pali zigwiriro. Ndinati ndiyambe ndayesa, tsiku lisanayandikire.

Mapira ndinagula kumsika, ndinaviika, ndinawafundika m'saka yonyowa mpaka anamera ndevu, ndinayanika. Ndinapita nawo kwa Laston wa chigayo. Chigayo chake chakale chija, chimene chinkasiya misere, anachigulitsa. Chatsopanochi chimapera ufa wosalala ngati phulusa. Ine ndinakondwera, ndinati zinthu zayenda.

Ndinaphika phala, ndinadikira lizizire mpaka chala chizipirira, ndinathira chimera n'kutakasa. Kenaka ndinachita chimene amayi ako sankachita. Ndinafunditsa mphika bulangeti langa lija la ku mgodi, kuopa kuti ungazizire msanga. Munthu wamantha amachulutsa chisamaliro.

Kutacha, phala lonse linali litasungunuka. Ndinawiritsa pang'ono n'kuphula. Tsono ine lilime linafa ndi mankhwala, ndiponso a dokotala anandiletsa zotsekemera. Ndinaitana Ba Belinda, oyandikana nafe aja amene amagulitsa munkoyo, chakumwa chija cha ufa ndi mizu, pa siteshoni ya minibasi. Atalawa anandifunsa m'Chibemba chawo ngati ine shikulu, kapena kuti agogo, ndakhuthuliramo thumba la shuga. Ati likumata milomo ngati uchi. Ine m'malo mochita mantha ndinanyada. Ndinaliika pakona n'kuvundikira, ndi kutentha kwa masiku anoku.

Patapita masiku, a Barnabas anabwera kudzakamba za mapemphero a ku chiliza. Ndinawathirira kapu. Anati n'lokoma, likungoluma pang'ono pakhosi, napempha yachiwiri. Pano aima kulemba, akuti yachiwiriyo ndinachita kuwakakamiza. Lembani, a Barnabas, Mulungu anaona. Atamaliza anayamba nyimbo ya maliro ndi mawu akulu, anavula nsapato, nagona pa mpando wanga mpaka akazi awo anabwera kudzawafuna. Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire.

Ungaseke, ngakhale ine ndinaseka tsiku limenelo. Koma nkhani inafika kwa abusa ndipo ndinaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo. Sanandidule, ati akudziwa kuti sindinachite dala. Anagamula kuti thobwa langa lisafike ku chiliza, pokhapokha litakhala thobwa lenileni, loti ndi mwana wa Sande sukulu amwe. Ndinatuluka mutu uli pansi. Za ine ndekha sizinandiwawe. Chinandiwawa n'chakuti dzina la amayi ako linatchulidwa pamodzi ndi mowa, m'nyumba imene iwo ankasesa Loweruka lililonse.

Ndinabwerera kwa Ba Belinda ndi chimera chotsala. Anachifikisa ndi zala, nati vuto ndi ili. Chimera chosalala chonchi chimatulutsa kutsekemera konse kwa m'phala, pamene cha misere chija chinkasiya kwina m'masese. Bulangeti nalo linachipatsa nthawi yogwira ntchito. Kutsekemera kukachuluka, kunja kukutentha, n'kumene kumasanduka ukali. Anati muyeso wakalewo unali wa chigayo chakale. Ndichepetse mgaiwa ndi chimera pamodzi, osati chimodzi chokha, kapena ndionjeze madzi owiritsa. Ndiwiritse mokwanira, ndipo ndiphike tsiku litayandikira.

Ndinakana, Jenipher. Ndinati muyeso wa Tabitha sindisintha. Ndinkaona ngati ndikachotsa dzanja la ufa m'mbale ija, ndiye kuti ndikuchotsa mwini wake m'nyumba muno.

Ba Belinda sanavomereze. Anati shikulu, inu munkakhala kumbuyo kwawo, munkaona msana ndi mbale. Ine ndinkakhala kutsogolo, ndinkaona manja. Ati amayi ako mbale ija sankaidzaza mofanana. Ankatafuna chimera kaye, n'kubweza dzanja limodzi m'thumba, tsiku lina n'kuonjeza madzi. Ndipo pomaliza ankaitana iwe kuti ulawe, namanena kuti mwana uyu lilime lake ndi langa.

Pamenepo ndinakumbukira. Unkaima pakhomo la khitchini ndi kapu yako yobiriwira, utakwinya nkhope ngati woweruza milandu. Ukati amayi latsekemera kwambiri, iwo ankatunga madzi osatsutsa. Ine ndinkayesa akungokusangalatsa.

Ndayesanso m'kamphika kakang'ono. Poyamba ndinachepetsa mopitirira, linatuluka ngati madzi otsukira mbale, ndi nkhuku zomwe zinangonunkhiza. Ulendo wina ndinachotsa pang'ono mbali zonse, bulangeti ndinalisiya pabedi. Ba Belinda akuti layandikira, koma sangalumbire, lilime lawo ndi la munkoyo. A Barnabas akana kulawanso. Akuti umboni anapereka kale ndipo akazi awo sanawakhululukirebe.

Tsono pempho langa ndi ili. Unanena kuti ufika Lachisanu n'kubwerera Lamulungu chifukwa cha ntchito ya kuchipatala. Ndikudziwa kuti Mongu n'kutali, ndiponso odwala sadikira. Koma kawapemphe akuluakulu ako, ufike Lachitatu. Sindikufuna kuti uphike. Ndinalonjeza pamaso pa azimayi aja kuti ndiphika ndine, ndipo ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndatsala nacho choti ndiwachitire amayi ako. Iwe udzangoima pakhomo paja, ulawe, undiuze kuti atate onjezani madzi, kapena atate lekani pomwepo. Ukadzanena kuti ili ndi la amayi, akulu a mpingo avomera. A Barnabas akugwedeza mutu, akuti ndilembetse kuti alonjeza.

Ukalephera sindikwiya, mwana wanga. Tidzamwa za m'botolo, ine ndidzakhala chete.

Undiperekere moni kwa a Lewis, uwauze kuti sindikuwalanda mkazi, ndikungobwereka lilime. Chiza ndi mng'ono wake uwauze kuti agogo awo akuwasungira mango a mtengo wa kuseri, ngati ana a pano atasiyako. Ba Belinda akupereka moni, ndi amayi onse a Chigwirizano, ngakhale aja anandiseka. Ambuye akusunge pa ntchito yako ndi pa msewu.

Kapu yobiriwira ija ndinaipeza kuseri kwa kabati. Ndaitsuka, ndaivundikira pa thebulo. Palibe amene akumwera.

Dzina lokhali ndalemba ndi dzanja langa.

Ndine atate ako,
Jameson