Felizarda Wabwereranso Kumunda wa Mabomba

Sussundenga, Manica

Okondedwa amalume a Zefanias,

Ndikhulupirira kuti ku Joniko mukudzuka bwino. Kuno tilipo, ngakhale mbuzi zanu zatidanitsa ndi mudzi wonse.

Mukumukumbukira mlongo wanga Felizarda, uja ankakwera patebulo akaona chule? Ndi amene akuzula mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo m'munda wathu wakale uja. Amayenda chogwada, kupalasa dothi pang'onopang'ono ngati wataya ndolo.

Sabata yatha kunamveka kuphulika. Graciosa, mnzake amene amazula mabomba mu mzere woyandikana naye, ali kuchipatala ku Beira. Za miyendo yake tidzakamba mukadzabwera.

Lolemba m'mawa ndinapeza Felizarda akumanga nsapato, koma zingwe zikungomupulumuka. Ine ndi sukulu yanga yonse ya uphunzitsi ndinamuyalira zifukwa zomveka zoti asiye ntchitoyo.

"Aphunzitsi, mwamaliza?" anatero. "Mantha ndili nawo, sindinama. Koma ntchitoyi ndi yogwada kale, ndiye ndimangopempherera pomwepo. Ndimati, Ambuye, pamene zagona zinthuzi mukupadziwa ndinu, tiyeni limodzi."

"Nanga Graciosa sankapemphera?"

"Ankapemphera. Mukuganiza kuti pomunyamula paja tinali tokha?"

 Ndinangogwada n'kumumangira nsapatozo.

Amayi sitinawauze za Graciosa, chonde musazitchule mukamawalembera. Felizarda akuti potuluka ku Joniko musaiwale mbewu ya mtedza. Akuti mundawo tilima chaka chino.

Ndine mwana wanu,
Horácio