Mizere Yakuda pa Malaya a Ukwati

Lamulungu, 3 Disembala

Mkazi wanga Unaisi akuti mwana wathu wagula tikiti, akubweradi. Tulo ta masana sitinabwere lero.

Lolemba, 4 Disembala

Kwatsala masiku asanu kuti mwana wathu wamkazi Miliakere akwatiwe. M'nyumba muli mikeka ya mphatso za ukwati yokhayokha, pokhala palibe. Mlongo wanga Vasemaca wabweretsa kalavata: nsalu yobiriwira ya maluwa oyera, banja lonse tidzavale zofanana, anthu makumi anayi ndi awiri. Akuyenda ndi kope lake m'khwapa, kuitana mayina, aliyense kulandira zake. Malaya anga sindinayese, ndangowakoleka.

Netani afika mawa. Zaka zitatu osamumva mawu, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo. Amaimbira mayi ake Lamulungu lililonse kuchokera ku Australia, kufakitale ya nyama kuja, koma ine ndikangolowa m'chipinda Unaisi amati netiweki yathawa. Amandiyesa mwana.

Lero Unaisi wandichenjeza kawiri kuti kaya mwanayo abwera atavala chiyani, ine pakamwa nditseke. Akuti ndikangoyamba zanga zija, abwerera osadikira ukwati, ndipo ulendo uno sadzapondanso pano. Ndayankha kuti ndamva. Mantha ndili nawo, ndisaname. Pakamwa pangapa ndimapadziwa.

Lachiwiri, 5 Disembala

Wafika. Mulungu alemekezeke, pa zovala zake palibe chong'ambika.

Ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa, kumanamizira kukonza wailesi, maso ali kumsewu. M'mutu ndinkawerenga zonse zimene mnyamata ameneyu wandionetsapo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri inali jezi ya ragibi, imodzi yomweyo, kusukulu, kumunda, pogona, amake kuchita kumuvula ali m'tulo kuti ichapidwe. Kenako mabuluku olendewera kumatako, munthu kumayenda motangadza kuti asagwe. Kenako zakuda zokhazokha, dzuwa lathu lomweli, anthu kumandifunsa kuti tafedwa ndani. Kenako tsitsi lofiirira ngati khoko la kokonati, ndolo kukhutu limodzi. Pomaliza jinzi ija yobooka m'mawondo, imene anavala kutchalitchi tsiku loti ine ndikuwerenga Mawu kutsogolo, iye phee pabenchi yachiwiri, mawondo pamtunda.

Madzulo ake ndinaipeza pachingwe n'kuidula ndi sizasi ya amake, mwendo uku, mwendo uku. Patangotha milungu iwiri analembetsa za ku Australia. Zoti jinziyo anagula ndi malipiro ake oyamba ndinazidziwa atapita kale.

Ndiye m'minibasi yochokera kubwalo la ndege ku Nadi mwatsika munthu wina. Mapewa odzaza chitseko. Malaya oyera opanda cholembedwa chilichonse, sulu yotuwa, nsalu yolimba yomanga m'chiuno imene amuna kuno timavala, yofika pansi pa mawondo bwinobwino, matumba awiri akuluakulu kutsogolo, kumapazi majombo a kuntchito opolishidwa. Sulu ndi majombo, chibadwire sindinaonepo. Koma zamukhala, ndivomereze. Ndolo ikadalipo. Ndameza malovu.

Anandipatsa moni wa manja awiri, maso pansi. "Ta," mmene ana kuno amaitanira bambo awo. Basi. Ine ndinafunsa ngati wayenda bwino, iye anati bwino. Nkhani inathera pomwepo. Komabe chikwama chake chili m'nyumba mwanga, ndipo wadya nsomba ya amake mbale ziwiri. Kwa lero zandikwanira.

Lachitatu, 6 Disembala

Malaya a Netani sakukwana. Vasemaca anapatsa telala miyeso ya m'kope lake lija, ya kalavata ya zaka zinayi zapitazo, N. akadali kamnyamata koonda. V. amati miyeso ya munthu wamkulu sisintha. Mkono unalowa mpaka m'chigongono n'kukakamira pomwepo. Miliakere anaseka mpaka misozi, kenako anasiya atakumbukira kuti ukwatiwo ndi wake.

V. wakwera basi kupita ku Suva, wabwerako chimanjamanja. Mpukutu wa nsaluyo unatha, Disembala uno banja lililonse likusoketsa. Telala nayenso akuti ngakhale nsalu ikanapezeka, mzere wake ukufika Khirisimasi.

Ndinamva V. akuuza Unaisi kukhitchini kuti mwanayu akondwa kumene, chiyambire sanafunepo kufanana ndi anthu. Akuti adzaime kumbuyo, asadzaoneke pa zithunzi, adzathandize anyamata kudzenje lootchera nkhumba. Mlongo wake wa mkwatibwi, kudzenje. Ndinapsa mtima, koma kunena zoona nanenso ndinali nditaganiza kale kuti mwina akondwa. N. anawapinda bwinobwino malayawo n'kulowa nawo kuchipinda.

Ndayesa anga mobisa. Akukhwepa ngati obwereka. Kuyambira pamene adokotala anandiletsa shuga ndi mchere thupi lapita. Sindiuza munthu, V. mavuto amukwana.

Lachinayi, 7 Disembala

M'mawa wonse makina osokera a Unaisi akulira, koma Unaisi ali panja akusenda chinangwa. Ndinasuzumira pazenera. Ndi Netani. Wawerama, mapini ali pakamwa, zala zikuluzikulu zija zikuyendetsa nsalu pang'onopang'ono. Sizasi ili pambali pake, yomwe ija. Ndinachokapo asanandione.

Unaisi wandiuza zimene wakhala akuzidziwa kwa zaka ziwiri. Kutauni kumene akukhalako zovala zomukwana n'zosowa, zikapezeka ndi zonga matumba a ufa. Mayi wina wa ku Vietnam wogwira naye ntchito anamubwereka makina n'kumuphunzitsa Loweruka lililonse. Sulu ija anasoka yekha, matumbawo anayeza ndi foni yake ndi magolovesi. Anzake a ku Samoa ndi ku Tonga amamusoketsa za kutchalitchi. Ndinafunsa kuti nanga bwanji osandiuza. Anangondiyang'ana, mpeni uli m'manja, n'kupitiriza kusenda.

Masana tinakhala pamkeka kumwa yaqona, chakumwa chathu cha mizu yosinja, ndi amene abwera kudzamanga chisakasa. Ilisoni, mwana wa V., sanachedwe kumuyamba msuweni wake.

"Telala wa ku Australia uja ndi ameneyu? Aise, undisokereko kabudula wam'kati, wa matumba awiri."

"Wako afunika tenti yonse," anatero N. "Tidikire ukwati uthe, tidzatsitse ya panjayo."

Aliyense anaseka. Nanenso ndinaseka, mokweza kuposa onse, chifukwa mawu a mwana wanga ndinali nditawasowa. Atandimva anasiya kuseka n'kuyang'ana pansi. Zinandipweteka. Komabe pamene inafika nthawi yanga yomwa, chikho anandibweretsera ndi iye, wina aliyense asananyamuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero. Masiku awiri ndadutsa osanena za ndolo.

Lachisanu, 8 Disembala

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Cha m'ma teni N. anatuluka atavala malaya aja. Anawamasula m'mbali ndi m'manja n'kuikamo mizere yakuda yotalika kuchokera m'khwapa mpaka pansi. Nsalu yakudayo anadula ku sulu yake ya kutchalitchi, imene anabwera nayo kuti adzavale mawa. Kolala anaichotsa n'kusiya kakang'ono koimirira. Malaya amukwana ngati anabadwa nawo. Azimayi amene ankapala kokonati anasiya kupala.

V. anawazungulira kamodzi, kope lili m'manja. Anati kalavata si ya munthu mmodzi, cholinga chake n'choti a kuchimuna akatiyang'ana aone banja limodzi. Anati akaona zigamba azikanena kwawo kuti nsalu inatichepera. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo a Mili, muuzeni mwana wanu."

 Unaisi anaima pakhomo la khitchini, osandiyang'ana n'komwe. N. zala zinali kale pa batani la pamwamba.

"Palibe vuto, Nei, ndivula," anauza azakhali akewo. "Ndikhala kudzenje."

Ananena mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandiopsa. Ndi mmene anayankhulira tsiku la jinzi lija. Choipa n'chakuti V. sankanama. A kuchimuna ndikuwadziwa, adzanenadi. Mawu akale aja anafika pakhosi, akuti bwanji iwe nthawi zonse, bwanji osangokhala ngati anzako. Ndinawamva akukwera.

Ndinalowa m'chipinda, kuvala malaya anga n'kutuluka. Mapewa ali m'zigongono, mimba yake yokwana anthu awiri. Ilisoni anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa.

"Awanso sakundikwana," ndinatero. "Undikonzere ngati akowo. Mizere yomweyo, kolala yomweyo."

V. anati ndayamba misala nditakalamba, n'kupita kukawerenga mikeka. Miliakere anakuwa ali kuchipinda kuti kaya tivala ziguduli, bola tonse awiri tidzaime pambali pake. Unaisi anabwerera kukhitchini, ndinamumva akumina.

N. anati nsalu yakuda yatsala yokwanira, koma malayawo afunika kubweza kwambiri, ndiye ayambe wandiyeza. Tinalowa pabalaza tili awiri. Anakankhira mikeka kumbali ndi phazi, n'kundiimika pakati. Tepi inayamba m'mapewa, kenako kumsana. Manja ake ofunda, osafulumira. Ankatchula manambala chapansipansi n'kumalemba pa dzanja lake. Ine ndinkangoyang'ana khoma.

"Kwezani manja, Ta."

Ndinakweza. Anazunguliza tepi pachifuwa, mutu wake uli pafupi ndi chibwano changa. Anayang'ana nambala, n'kuyezanso kachiwiri.

"Mwaonda," anatero. "Mukudya koma?"

Ndinati amake anabisa mchere ndi shuga, akundipha ndi masamba owiritsa. Anaseka, ndipo ulendo uno sanasiye atamva ine ndikuseka naye. Anati mawa pa nkhumba adzandibera kachidutswa ka mafuta amake asakuona, koma kamodzi kokha.

Anakulunga tepi, kulemba nambala yomaliza, kutola malaya n'kukakhala pa makina. Atatembenuka kuti atenge mapini anandipeza ndikadali chiimire pakati pa balaza.

"Ta, ndamaliza. Tsitsani manja."