Nambala ya malemu amuna anga ikukwerabe

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nsaru, mayi wamasiye. Nkhani yangayi sindingawauze amayi anzanga a Chigwirizano kumpingo, angandiyese wozungulira mutu.

Amuna anga, a Elias, ankaphunzitsa za bizinesi pa yunivesite ina mu Lilongwe. Ankafufuza njira zatsopano zoti magulu a alimi a mtedza azigulitsira okha mbewu zawo osadyeredwa ndi mavenda. Anazungulira Kabudula yense ndi Nambuma yemwe pa njinga yamoto, akulemba m'makope akuda. Koma kuntchito ankawayeza ndi nambala ina ya pa intaneti, yosonyeza kuti ofufuza ena atchula kangati zolemba zawo. Anandiuza kuti kukhala pa 10 ndiye kuti uli ndi mapepala khumi, lililonse litatchulidwa kakhumi. Iwo anali pa 9. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ankayang'ana pa foni n'kuusa moyo: “Amake Luka, ikangofika 12 andikweza.” Anamwalira ndi matenda a shuga zaka ziwiri zapitazo, nambala ili pa 9 pomwepo.

Foni yawo ndinaisunga, ndipo ndimaitchajabe. Patatha miyezi inayi inalira ndikusesa pabwalo. Nambala yafika 10. Ndinalira, ndinati mwayi wabwera mochedwa. Kenako 11, kenako 12. Lero ili pa 15.

Chimene chandiopsa kwambiri n'chakuti kwatuluka mapepala atatu atsopano, dzina lawo patsogolo, la mnzawo wa kuntchito, a Yonasi, pambuyo. Ndinawerenga limodzi. Ndi mawu awo enieni, Aphungu. Mulinso nkhani ya ndowa yomenyedwa pansi kuti ikule, imene mavenda ankayezera mtedza ku Kabudula, yomwe ankandiuza akuseka. Ndiye Lachiwiri lina, 10 koloko m'mawa, foni ili m'chikwama changa m'kalasi, munalowa uthenga wothokoza a Elias potsimikiza kuti pepalalo ndi lawo. Anatsimikiza ndani?

A Yonasi akwezedwa pantchito. Ndi iwonso amene anatenga makope aja pamaliro, ati akawasunge ku ofesi. Alamu anga, a Isaki, akuti nkhaniyi ndi yoonekeratu. “Mlamu, m'manda muja mulibe munthu. Achimwene anawasandutsa ndondocha, akuwalembetsa mapepala.” Akufuna kubweretsa sing'anga kumapeto kwa mwezi uno kuti afukule manda, ndipo akudikira ine ndivomere. Ndikavomera, mpingo undidula. Ndikakana, ati ndikudziwapo kanthu.

Choipa n'chakuti masiku ena nanenso ndimakhulupirira. Ndikamadutsa kumanda ndimaima, kuyang'ana ngati dothi latitimira. Nditani ine?

R.K., Nsaru

Mayi R.K.,

Pepani ndithu. Ndikuuzeni poyera, kalata yanu yandiimitsa tsitsi nanenso. Koma khasu lisakhudze manda amenewo. Amuna anu ali momwe munawasiya.

Kukwera kwa nambala kokha si chodabwitsa. Makina owerengerawo sadziwa maliro. Wophunzira wa ku Ghana akatchula pepala la a Elias, makina amawonjezera basi, kaya mwini wake ali moyo kaya ayi. Ndipo ngati mapepala atsopanowo akutchula akale aja mobwerezabwereza, nambala imathamanga ngati mmene mwaoneramu.

Za uthenga wa Lachiwiri, ndikufunseni: mawu achinsinsi olowera pa intaneti amuna anu ankawalemba pati? Ophunzira ambiri amene ndimawadziwa amawalemba mkati mwa chikuto cha kope. Sindikuweruza a Yonasi ndisanawamve, koma amene akuyankha m'dzina la malemu ali ndi zala zofunda ngati zanu ndi zanga, ndipo mawu amene mwawazindikirawo anachoka pakhomo panu ali m'makope aja tsiku la maliro, anthu akuona.

Choyamba tsegulaninso mapepala atatuwo, muyang'ane pafupi ndi dzina la amuna anu. Ofufuza oona mtima akamaliza ntchito ya mnzawo womwalira amaikapo kamtanda kakang'ono ndi mawu onena kuti anatisiya. Mukakapeza, mwina a Yonasi akulemekeza mnzawo, kungoti analakwa posakuuzani. Mukapanda kukapeza, pali amene akufuna dziko liziganiza kuti a Elias akadali pa desiki.

Foni ili ndi inu, choncho sinthani mawu achinsinsiwo lero lomwe. Jambulani mauthenga onse. Lembani kalata kwa mkulu woona za kafukufuku pa yunivesiteyo ndi kwa akonzi amene anasindikiza mapepalawo, muikemo chikalata cha imfa, ndipo muitanitse makopewo. Ndi chuma cha Luka chimenecho. A Isaki musakumane nawo nokha. Pitani ndi mkulu wa mpingo ndi ankhoswe anu, muwaonetse kalatayo. Bamboyo akulira mbale wake, mupatseni ntchito yokuperekezani ku Lilongwe m'malo mogwira khasu.

Mukapeza mpata mukafikenso ku Kabudula, mukafunse ngati magulu a alimi aja akuyezabe mtedza ndi ndowa ya mavenda. Ngati pano ali ndi sikelo yawoyawo, mudzaona ndi maso chimene amuna anu anasiya, chimene 15 uja sangakuuzeni.

Chenjezo langa ndi ili: musatchule munthu kuti mfiti, lamulo limaletsa, ndipo mlandu ungakutembenukireni. Komanso konzekerani mtima, chifukwa ngakhale zonsezi zitatha foniyo idzalirabe, mwina muli pakati pophunzitsa, mwina Luka atakula kale. Ikadzalira musadzathamangire kumanda. Adzakhala munthu wina kutali, amene sakudziwa n'komwe kuti a Elias anamwalira, akuwerenga za ndowa ya ku Kabudula ija.

Aphungu