Mtengo wa Achimwene Clarrie

Lolemba, 8 Juni 1964

Apaka mtanda wofiira pa mtengo wa achimwene Clarrie. Ndauona m'mawa popita kukagula buledi. Mitengo khumi ndi iwiri ya kumanzere kwa msewu, yonse mitanda. Akuti khonsolo ikukuza msewu kuti malole a ubweya azidutsana bwino.

Buledi sindinagule.

Lachiwiri, 9 Juni

Tsiku lonse maganizo ali pa malemu mayi. Mtengowo anadzala ndi manja awo mu 1918, tsiku limene tauni yathu inadzalira mtengo mnyamata aliyense amene sanabwerere kunkhondo. Ine ndinagwirizira kamtengoko, iwo akukwirira. Ndinali ndi zaka khumi. Chaka cha chilala tinkayenda mamailosi awiri ndi ndowa ya madzi otsukira mbale. Ankati, "Tiye, Edna, tikamwetse mchimwene wako."

Achimwene manda alibe. Anamira m'matope a ku Belgium mu Okutobala 1917, osapezeka ngakhale nsapato. Manda ake ndi mtengowo, ndi kachitsulo ka dzina lake patsinde.

Nkhope yake yayamba kundithawa. Chatsala ndi manja: onunkha mafuta a nkhosa, ofewa ngati a khanda. Ankameta nkhosa zana patsiku. Ankandiponya m'thumba la ubweya kuti ndiupondereze, n'kumafuula, "Ndani agule kankhosa kowonda aka?"

Lachinayi, 11 Juni

Ndapita kukhonsolo. Wapampando kulibe, akuti. Amene ananditulukira ndi mkazi wake, Mavis Hollis, mkulu wa komiti yosamutsa mayina.

"Edna mnzanga, musadandaule," anatero atandigwira mkono. "Mayina onse tikawaika pakhoma la kuholo, posagwa mvula. Mtengo ndi mtengo basi."

Ndinangoyang'ana magolovesi ake oyera. Mavis yemweyu. Lamlungu lina mu 1916, pakhomo la tchalitchi, anthu onse akuona, analowetsa nthenga yoyera m'thumba la jekete la achimwene. Nthenga ya amantha, imene atsikana ankapatsa anyamata osapita kunkhondo. Bambo anali atamwalira, mwamuna pafamu anali yekhayo, ndipo aliyense ankadziwa. Lachitatu lake anakalembetsa usilikali.

Zonsezi zinali pakamwa. Ndinangoti, "Zikomo, Mayi Hollis."

Wamantha pabanja pathu ndine.

Lachisanu, 12 Juni

Ndawapeza a Len Duggan pabenchi kunja kwa bala, akuothera kadzuwa. Anali gulu limodzi ndi achimwene kunkhondo. Ndimafuna asayine kalata yokana.

"Mwana iwe, ife anatidula kalekale," anatero. "Mitengo yangochedwa."

Ine, wazaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, mwana! Komabe anasayina. Kenaka anayamba kulankhula, zimene sanachitepo.

"Mfuti sankaitha mchimwene wako. Nkhokwe ataiimika patsogolo pake akanaiphonya. Koma kunyamula! Ankatola wovulala ngati nkhosa, n'kumuika paphewa. Tsiku limenelo anabweretsa atatu. Anabwerera kukatenga wachinayi."

Ndinawafunsa za nthenga.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ankatokosera kaliwo wake wa fodya! Ankati, mtsikana uja anandipatsa chinthu chothandiza kuposa zonse za boma."

Ndiye chifukwa chake nthengayo yada kunsonga. Inabwera m'phukusi la katundu wake, pamodzi ndi lumo ndi kaliwoyo. Mayi sanaitaye. Ili m'bokosi la mabatani.

Pakalata pali mayina asanu ndi awiri. Mabanja ena anasamukira kumzinda wa Melbourne, ena atha.

Loweruka, 13 Juni

Ndakachotsa kachitsulo ka dzina kaja patsinde. Misomali inali itadyedwa ndi dzimbiri, sinavute.

Lolemba, 15 Juni

Adula.

Kalata yathu akuti adzaiwerenga pamsonkhano wa mwezi wamawa.

Ndinaima kutsidya kwa msewu. Mkulu wa odulawo anavula chipewa, n'kuti, "Pepani mayi, ife tangotumidwa." Ndinati ndikudziwa, nawonso achimwene anangotumidwa.

Wa achimwene unali wachisanu. Unagwera kumunda, nthambi zili mbuu, wopanda tsamba, poti ndi nyengo yozizira. Bola ukanagwa uli wobiriwira. Odulawo atachoka ndinagwada pachitsa kuwerenga mizere ya zaka. Ndinasokoneza kawiri, koma yapitirira makumi anayi. Ina yopyapyala kwambiri, ya chilala chija. Ndowa za mayi zili m'menemo.

Mwini wake anafika makumi awiri ndi chimodzi.

Lachiwiri, 16 Juni

Sindinatuluke. Makina akumveka mpaka kuno.

Lachitatu, 17 Juni

Lole yakhuthula nkhuni pageti panga. Zodulidwa bwino, zofanana, mulu wofika m'chiuno. Woyendetsa anandipatsa kakalata.

"Wokondedwa Edna, tinaganiza kuti za mtengo wa mchimwene wanu Clarence zibwere kwa inu, muothe m'nyengo yozizirayi. Chonde mubweze kachitsulo kaja pasanafike Lachisanu, khoma lisakhale ndi mpata. Mavis."

Ndiothe achimwene.

Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali, kakalata kali pamiyendo. Kenaka ndinatuta nkhunizo imodzi imodzi kukaika m'shedi, posagwa mvula. Zaziwisi, zolemera, zikutuluka madzi. Imodzi ndinaiika paphewa.

Kachitsulo ndakakhoma pachitseko cha shedi.

Ndatsegula bokosi la mabatani. Nthenga ija ikununkhabe fodya, pang'ono pokha. Ndaiika mu envulopu, osalembamo kalikonse. Sitampu sindimata. Komiti yawo ikukumana kuholo folo koloko, amayi onse a tauni ali pomwepo ndi makapu a tiyi.

Ndavala kale chikhoti. Cha Mavis chili ndi thumba kumanzere, ndinaliona Lachinayi.